Tisa Wacheukira Malipenga

Loweruka, mwezi wa Juni, kuno ku Kanakantapa. Kwazizira, koma mtima wakhalako pansi.

Chidwalire malungo, mwana wanga Tisa sacheuka nikamuitana. Nakhala nikuopa kuti makutu anafa, ndipo amake sininawauze.

Masana anabwera alamu anga ba Lekisi, amene amaimba gitala ya besi ku Lusaka. Anabweretsa kaseti yatsopano ya nyimbo zovinira za fanki imene bandi yawo inajambula ku situdiyo. Tinaiika mu wailesi kumbuyo kwa mwana, iye ali pamphasa. Besi itayamba, Tisa anayamba kudzigwedeza. Ine ninakondwa, koma alamu anati, "Musathamange, alamu. Besi ngakhale gonthi amaimva m'chifuwa. Dikirani anyamata a malipenga."

Ninachepetsa mawu, nkupita nayo wailesi pakhomo. Woimba anakuwa kamodzi, malipenga analowa, ndipo Tisa anachotsa chala mkamwa nkucheuka kufunafuna.

Alamu anaseka. "Thukuta langa lonse lija, mwana wasankha malipenga!"

Akumva, mwana wanga. Komabe Lolemba nipita naye ku kiliniki, chifukwa anacheukira kumanja kokha. Khutu lakumanzere lija sinidziwa ngati...