Mizati Iwiri ya M'kamwa

Lamulungu, 5 Januwale 2025

Mvula kuyambira m'mawa. Kutchalitchi sindinapite, nsapato zikadali zonyowa.

Jean waimba pa foni ya achemwali anga a Teleza. Akuti walipira kale ku chipatala cha mano ku Limbe, ine changa n'kupita Lachitatu basi. Mwana ameneyu. Zonsezi chifukwa cha chithunzi cha pa Khirisimasi: anthu onse akuseka, ine chitenje kukamwa. Atabwerera kuntchito kwake ku Lilongwe anachiyang'ana, akuti analira. "Amayi, chigwereni m'munda muja sindinakuoneninso mukuseka."

Ndimaseka ine. Kungoti ndimasekera m'manja.

Mano awiri a kutsogolo, a m'mwamba. Anatsala pa mwala wa ngalande, m'munda wa kumtunda uja, dengu la tiyi lodzaza kumsana. Ndinazolowera. Chimanga chootcha ndimakonola ndi chala.

Ndikuopa jakisoni. Ndikuopanso minibasi ndi mvula ino. Ndikuopa kukana.

Lachitatu, 8 Januwale

A Stewart, kapitawo wathu, anandilola. "Tsiku limodzi lokha, amake Jean. Tiyi sadikira mano a munthu."

Kabaza mpaka ku Luchenza, minibasi mpaka Limbe. Njira yonse mtima m'mwamba.

Adokotala ndi mtsikana, msinkhu wa Jean. Waulemu. Anandijambulira papepala. Akuti dzina lake ndi buliji, ndiye kuti mlatho. Mano awiri oikirira pakati, koma ayenera kugwira penapake. Ndiye amapala mano awiri a m'mbali mwa mpata, lina uku lina uku, akhale mizati, n'kuwaveka zisoti. Onse anayi olumikizana, osachoka.

Ndinafunsa ngati awiriwo akudwala. Akuti ayi, ndi abwino kwambiri, n'chifukwa chake angathe kunyamula anzawo.

Ndinkafuna kunena kuti ndikaganize kaye. Koma Jean analipira kale, tsikunso ndi limodzi. Ndinagona pampando paja.

Kamakina kolira ngati udzudzu. Fungo la nthenga zopsa. Kuwawa ayi, dzanzi mpaka kumphuno. Atamaliza ndinapempha galasi. Ndinalakwa kupempha. Timano tiwiri tosongoka ngati njere za mpunga. Anga aja, olimba aja. Sadzabwereranso.

Anadinda m'kamwa ndi zinthu ngati phala lozizira, kuti akapangire enieniwo. Pakadali pano andiveka a pulasitiki, a tempolale. Malamulo ake: osaluma cholimba, osakoka kanthu ndi mano, kubwera pakatha milungu iwiri osapyola. Akagwa ndithamangire komweko, ndisachite kanthu ndekha.

Ndinavomera zonse. Kuvomera n'kosavuta uli pampando.

Lachinayi, 9 Januwale

Pa sikelo anthu kundizungulira. "Tasekani tione!" Ndaseka. Akuti ndabwerera ku utsikana, anyamata a ku fakitale achenjere.

Achemwali okha nkhope gwa. "Wapha awiri amoyo chifukwa cha awiri akufa." Kenako poona kuti zandikhudza, anatembenuza. "Ntchito ya tempolale, mano a tempolale. Mwamuna wako uja ndiye anali wa tempolale kale." Onse kuseka. Inenso, manja ali pa dengu. Mphepo kufika m'kamwa. Ndinaiwala kuti zimakoma choncho.

Koma nkhani ya chingwe. Pa sikelo timakhuthulira masamba m'thumba n'kumanga. Bondo likanikiza thumba, dzanja lina ligwira khosi la thumba, lina likoka chingwe, nsonga inayo ndi mano. Tonse timatero, amayi anganso ankatero. Kalaliki sadikira, thirakitala sidikira. Chigwereni ndimakokera dzino la kumanja, lomwe lija alipala dzulo.

Lero ndakumbukira. Ndamanga ndi manja okha, pang'onopang'ono, a kumbuyo akukalipa. Mawa ndikumbukirenso. Ndi mkuja.

Lachiwiri, 14 Januwale

Lilime silikhala pansi. Kukhudza, kukankha, kuona ngati akugwedera. Sakugwedera. Mwina pang'ono. Mwina ndi ine ndikuwagwedeza.

Tiyi wotentha wa kumunda amalasa. Madzi a pampopi amalasanso. Mango ndikudula ndi mpeni ngati mkazi wa manijala.

Ndalota agwera m'dengu, ndikufufuza m'masamba, thirakitala ikunyamuka.

Lolemba, 20 Januwale

Ndapempha Lachitatu. Akana.

Tiyi wakwera. Mvula, dzuwa, mvula, masamba akuphuka ngati akuthamangitsidwa. Munda tathyola dzana uja wayamba kale kubiriwira. A Stewart sanadzutse n'komwe mutu. "Ndinati limodzi. Pageti pali anthu akudikira dengu lanulo."

Sananame. Ndimawaona m'mawa uliwonse, ena ochokera ku Mphuka wapansi, ataima pamvula.

Loweruka timagwira. Lamulungu chipatala satsegula. Ndikajomba nyengo ino, chaka chamawa sandilembanso, ndiye miyezi yozizira tidya chiyani?

Achemwali anaimbira kuchipatala. Akuti enieni aja afika, akundidikira, ndisachedwe, a pulasitiki sanapangidwe kuti akhalitse. Jean ndamuuza kuti ndipita sabata yamawa.

Lachisanu, 31 Januwale

Zachitika.

Chimvula cha mphepo pa sikelo, ziphaliwali, aliyense kukankhana. Dalaivala wa thirakitala kuliza hutala. Kalaliki kukuwa nambala yanga kachiwiri. Manja oterera, chingwe choterera. Sindinaganize. Mutu unangotsika wokha, chingwe m'kamwa, kukoka.

Thwa.

Kuwawa mpaka m'diso. Ndinalavulira m'dzanja. Anayi a pulasitiki aja, athunthu. M'kachisoti ka kumanja, kachidutswa ka dzino langa lenileni.

Thumba linamangika bwino. Chokhacho.

Achemwali anaona. Anangonyamula dengu lawo n'kumapita. Bola akanati ndinakuuza.

Timano tija tili pamtetete. Mpweya wokha ngati lezala. Ndikupumira m'mphuno. Phala lofunda, mbali ya kumanzere, pang'ono.

Milungu itatu ndakhala ndikukumbukira. Tsiku limodzi lokha.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Dzulo ndinapemphanso. A Stewart akuti masamba akatsika.

Lero ku Luchenza. A Maulidi osoka nsapato pafupi ndi siteji ya minibasi amagulitsa supaguluu. Amamata chilichonse bambo amene aja, zigubu, mawailesi, magalasi a abusa athu. "Mukumata chiyani, mayi?" Ndinati patapata. "Bweretsani ndikumatireni ndine, inu mumata zala." Ndinamwetulira milomo yotseka.

Kunyumba ndinatseka chitseko. Kutsuka ndi madzi a mchere, kupukuta ndi nsonga ya chitenje, kadontho uku, kadontho uku, kukanikiza. Moto weniweni. Misozi. Fungo lake mpaka m'mutu. Chala kumatirira kumlomo, a Maulidi sananame.

Koma agwira. Kulimba kuposa mmene anaikira adokotala. Mpweya sukulasanso.

Anati ndisachite kanthu ndekha, ndikukumbuka. Koma iwo sathyola tiyi m'mawa kuli mphepo, pakamwa pali lezala. N'kongodikirira basi, masamba akatsika ndipita. Mwina ndachita bwino. Kaya.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Jean waimba ya vidiyo. Achemwali kundigwirira foni pachulu paja pamene imagwira bwino.

"Amayi, mwakongolatu! Ndi enieni aja amenewo?"

Sindinati eya. Sindinati ayi. Ndinangoseka, iye kuomba m'manja, kuitana mnzake wa m'shopu adzaone amayi ake. Kenako foni inadula.

Achemwali potsika pachulu: "Bodza lina silifuna pakamwa."

M'kamwa mwayamba kafungo. Ndatsuka, ndatsukanso. Kakuchokera pansi pa pulasitiki, kumanja. Panado.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Dzino likugunda pamodzi ndi mtima. Ndikawerama pothyola magazi onse kukhamukira kunkhope, ngati wina akukhoma msomali. Dengu silikudzaza. Kalaliki wayamba kundiyang'ana.

Kachotupa pa nkhama, pamwamba pa la kumanja. Ndikakanikiza, zamchere zonunkha.

Ndayesa kuwagwedeza kuti achoke nditsuke pansi pake. Sakusuntha. Guluu wabwino ndithu.

Ndinamva kuti mafinya a dzino amatha kukwera kumutu. Kodi ndi zoona? Ndani anandiuza? Ndikafa ndi dzino anthu adzaseka pamaliro.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Tsaya ngati ndabisa ndimu. Diso la kumanja latsala kamzere. Kuzizidwa dzuwa likuswa.

A Stewart anandiona pa mzere m'mawa, anabwerera m'mbuyo. "Aa, amake Jean! Bwanji simunanene kuti zafika apa? Pitani mawa, dengu lanu ndikusungirani."

Ndinanena. Kawiri. Koma pakamwa pooneka bwino sapamvera chisoni.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Adokotala sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana, kugogoda, kununkhiza. Anafunsa chimene ndinaika. Ndinati guluu wa nsapato. Anandigwira paphewa.

Pulasitiki anachita kudula ndi kamakina, chidutswa chidutswa. La kumanja linang'ambika mpaka kumuzu tsiku la chingwe lija. Guluu anangotsekera zoola m'kati. Panalibe chopulumutsa. Analizula. Silinavute n'komwe, linatuluka ngati chinangwa choola.

La kumanzere lili moyo, koma lapsa ndi guluu. Aliveka kachisoti kakekake ka pulasitiki. Akuti kasachoke, ngakhale pang'ono. Likapuma mwina lichira. Likavulidwanso lipita.

Ndinapempha kuona enieni aja. Anatulutsa m'kabokosi. Anayi, osalala, olemerera. Osati oyera mbee ayi, achikasu pang'ono ngati anga. Anafananiza mtundu tsiku lija ine osadziwa. Pamenepo ndiye ndinalira.

Mlatho wa mzati umodzi sukhala. Akuti bala likapola pali njira ziwiri. Kupala lina la kumanja, lotsatira, n'kupanga wina wautali. Kapena aja ovula pogona n'kuika m'kapu. Zonse n'kulipiranso.

Kupalanso lina lamoyo. Ndinangopukusa mutu.

Anandiikira m'kathumba ka mankhwala. "Tengani, mayi, ndi anu. Sangakwane munthu wina aliyense."

Ngakhale mwini wake.

Lamulungu, 23 Febuluwale

Tsaya laphwa. Makapisozi atsala pang'ono. Mpata tsopano ndi wa atatu, lilime limadutsa osakhudza m'mbali. Pa sikelo palibe wonena kuti tasekani tione. Amayang'ana kumbali, ndiye zoposa kusekedwa.

Thumba langa akumanga ndi achemwali. Amangobwera, bondo pathumba, chingwe m'kamwa, kukoka, n'kumapita. Ndinati samalani, nanunso muthyola. "Anga sanapiteko ku Limbe."

Jean waimba, ndinati vidiyo ikudula, tingoyankhula. Akubwera Loweruka, Lolemba lake ndi holide. Wagula nsalu imodzi, wasoketsa madiresi awiri ofanana. Akufuna tikajambulitse ku situdiyo ku Luchenza, chithunzi chachikulu choika m'galasi.

Miyezi ingati akudya chiyani mwana uja kuti alipire mano amenewa? Sanandiuze. Pa Khirisimasi anali ataonda.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Enieni aja ndawayesa pagalasi. Kumanja amakhala bwino pamwamba pa bala, mlomo ukawagwira. Kumanzere akukanidwa ndi kachisoti. Kakanakhala kuti kalibepo akanalowa, anapangidwira pomwepo.

Kanthawi kochepa. Kulonjerana, chithunzi, basi. Osadya, osayankhula kwambiri. Jean akapita n'kubwezera kachisoti.

Kubwezera ndi chiyani? Guluu uja akadalipo pawindo.

Adokotala anati likavulidwanso lipita. Koma amanena choncho kuti tiope. Ayi. Pa chingwe ananena zoona. Pa guluu ananena zoona.

Achemwali anandipeza nditagwira pini wa bulauzi, galasi pamwendo. Anayang'ana pini, anayang'ana ine. "Ukakachotsa kachisoti ako, thumba lako uzimanga wekha." Potuluka anatenga guluu uja, anaponya m'chimbudzi, ndinamva.

Pini sanatenge.

Loweruka, 1 Malichi

Taweruka mochedwerako. Ndasesa, ndasamba. Nkhuku achemwali aphika kwawo, yofewa kuti inenso ndidye.

Jean watumiza uthenga, watsika pa Luchenza, akufuna kabaza wonyamula ndi chikwama.

Ndinakhalanso ndi pini. Nsonga inalowa pansi pa kachisoti, kunsi kwenikweni. Dzino linayankha, kamphezi kakang'ono mpaka m'mphuno. Ndiye kuti likadali moyo. Pa anayi aja a kutsogolo latsala lokhali. Lakhala nane kuyambira ndili ku sukulu. Silinalakwe kanthu.

Pini ndabwezera pa bulauzi.

Kathumba ka mano kaja ndaika patebulo, kotsegula, aone akangolowa. Ndimuuza za chingwe, za guluu, za vidiyo ija. Alira. Mwina akalipa. Mwina mawa lomwe abwerera, diresi lake m'chikwama.

Chitenje ndamanga m'chiuno mfundo ziwiri, chisakwere kukamwa. Manja ndiye sindikudziwa ndiwaika pati.

Belu la kabaza kumsewu. Ana akuthamangira. Ndi iyeyo, kuseka kwake ndakumva, akukuwa kale kuti amayi tulukani ndikuoneni