Belu la a Sensei

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ku Doha ndadzuka, kungoti kutentha kwake ndi kuja ndinkakuuzani pa foni inu n'kumati ndikukokomeza. Lero m'mawa fumbi linaphimba mzinda wonse, nyumba zitalizitali za ku Al Dafna n'kumaoneka mitu yokha, ngati wina wazipachika m'mwamba. Ndinaziyang'ana pa windo la basi mpaka kukamwa yasa. Mukanakhalapo mukanandigunda ndi chigongono: "Wapitanso kuti, Elube? Bwerera, ndowa yasefukira." Khalidwe lija sindinasiye.

Ndiyambe ndi za kumudzi, ngakhale mwina mukuziona bwino kuposa ine wongomvera pa foni. Mng'ono wanga Tadala anachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti watenga chipumi chanu chomwe chija, ndipo akafuna bere sapempha, amalamula. Achimwene a Yohane akolola mtedza wabwino kumunda wa kuseri kwa phiri. Chimanga ndiye chinavuta, mvula inadula chitangoyamba kumasula, koma akuti njala sitigona nayo. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awiri, ndipo kuba sinasiye. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo. A Yohane akuti akonza mawa, ndipo mawa la a Yohane inu mukulidziwa.

Tsopano ndikuuzeni dandaulo limene ndakhala nalo pa inu. Aliyense kwathu wakhala akukulotani. Tadala akuti munabwera atatsala pang'ono kuchira, n'kumuuza kuti asaope. A Yohane akuti munawakalipira za denga lomwelo. Ngakhale a Naphiri oyandikana nafe, amene munkakangana nawo za nkhuku chaka ndi chaka, akuti munawapatsa moni kumjigo. Ine ndekha, mwana wanu wamkazi woyamba, ngakhale kamodzi. Ndikagona ndinkalota matawulo ndi zikepe. Ndinafika poganiza kuti munandikwiyira poti sindinabwere kudzakuikani, kapena njira ya kuno simuidziwa, poti ndege simunakwerepo. Zinkandiwawa, amayi, kuposa mmene ndingalembere.

Mmene zinakhalira ndi umu. Uthenga unandipeza ndili pa ntchito, mopu ili m'manja. Kuno munthu sungangonyamuka. Pamafunika chikalata choti abwana akuloleza kutuluka m'dziko, ndipo mmene chinkatuluka n'kuti atakuikani kale. Maliro anu ndinawaonera pa zithunzi za pa foni. Ndipo sindinalire. Ndinkafuna, koma kulira kunkangofika pakhosi n'kubwerera. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda ndi chinthu chouma m'mimba, kudya nacho, kugona nacho, kumwetulira nacho alendo.

Chifukwa chake inu mukuchidziwa bwino. Pa maliro aliwonse m'mudzi mwathu, ndinu munkayamba kufika kwa namfedwa. Munkamasula chitenje chanu chapamwamba, kuchipota, n'kumumanga nacho m'mimba mothinitsa. Ndili wamng'ono ndinakufunsani kuti mumawamangiranji anthu oti ali kale pa mavuto. Munati, "Kulira kumachokera m'mimba, mwanawe. Ukapanda kumugwirira pamenepo, munthu amaopa kuti aduka pakati." Ine kuno panalibe wondimanga.

Ndikuuzeni za kuntchito, chifukwa nkhani yonse yadzera kumeneko. Anandichotsa ku zipinda za alendo n'kundiika ku jimu ya hotela, pamwamba penipeni, kumene anthu amabwera pa galimoto kudzafuna thukuta lomwe ife kwathu timalipeza kumunda. Kumeneko kuli abambo ena a ku Japan ophunzitsa nkhonya zija amaphatikiza ndi mateche. Onse amawatchula kuti a Sensei, kutanthauza aphunzitsi, koma ine ndi Esinati, mnzanga wa ku Chipata amene amachapa matawulo, tinawapatsa dzina lathu: a Mlambe. Amayi, kukula kwake! Polowa m'chikepe amaweramitsa mutu. Mphuno inaphwathalala, makutu anapindika ngati bowa wouma, ndipo poyenda amakoka mwendo wakumanzere. Koma mawu awo ndi apansipansi, ndipo asanaponde pa mphasa ya masewera amavula nsapato n'kuwerama, ngakhale m'chipindamo mulibe munthu. Tsiku loyamba anawerama kwa ine ndi mopu yanga. Ine ndinapinda maondo monga munatiphunzitsira, iwo n'kuweramanso, ine n'kupindanso. Esinati akuti akanapanda kutilekanitsa bwenzi tikadali pomwepo.

Pakhoma pali kanema amene amaonetsa ndewu zawo zakale, mopanda mawu. Ndikamapukuta magalasi ndimaona mnyamata wa tsitsi lakuda bii akulowa m'bwalo la zingwe, anthu atadzaza mpaka kudenga, magetsi akuthwanima, zonse zili zii ngati m'maloto. Moyo wawo ndaudziwira pamenepo, kwinaku iwo akundiuza pang'onopang'ono m'Chingerezi chawo chodukaduka chimene chimagwirizana bwino ndi changa. Anayamba karate ali mwana m'tauni ina ya asodzi, chifukwa anzawo ankawaseka kukula thupi. Kwawoko anthu a msinkhu wotere ndi osowa, ndiye atalowa m'gulu la ankhonya olemera kwambiri, ankawamenyanitsa ndi azungu ataliatali ochokera ku Ulaya. Anawinapo lamba wa m'dziko mwawo. Ndewu zina anapambana, zambiri ndithu anagonja, koma anthu ankawakondera chinthu chimodzi: sankagwa msanga. Pali ndewu ina imene ndimatseka maso ikafika. Mzungu akuwamenya mateche pa ntchafu imodzimodziyo mpaka kuda, iwo akungobwerabe kutsogolo. Ndinawafunsa kuti, "Nanga osangogona pansi bwanji kuti zithe?" Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Amayi anga ankafunsanso choncho."

Akuti amayi awowo sanaonerepo ndewu ngakhale imodzi. Tsiku la ndewu ankatseka wailesi n'kuyamba kuchapa zovala zochapa kale. Ndinakumbukira inu tsiku lija ndinkanyamuka, mmene munakanira kundiperekeza pa siteji n'kupita kukasesa pabwalo pomwe munali mutasesa kale.

Tsiku lina pa kanemapo panabwera china. A Sensei anali ataima okha pakati pa bwalo, opanda magolovesi, imvi zitayamba. Magetsi onse anazima kupatula limodzi, anthu onse n'kuimirira mitu ili pansi. Ndinafunsa ngati kunagwa maliro. Anati ayi, limenelo ndi tsiku limene anasiya nkhonya, bondo litakana. Kwawo wankhonya akamapuma amamuimbira belu la m'bwalo kakhumi, pang'onopang'ono, ndipo akamwalira amamuimbiranso chimodzimodzi. "Anandiika m'manda ndili chiimire," anatero. "Mateche onse aja sanandilize, koma belu linandiliza ngati khanda."

Ndinawafunsa mmene munthu amapiririra kumenyedwa kotero. Anadzimenya pamimba ndi chikhatho n'kunena kuti mphamvu zonse zimakhala apa, n'chifukwa chake pa karate amamanga lamba mothinitsa. Amayi, mopu inandipulumuka. Ndinati, "Zimenezo amayi anga ankazidziwa, chonsecho ku Japan sanapondeko." Ndiye ndinawauza zonse, za chitenje chanu, za maliro a pa foni, za kusabwera kwanu m'tulo mwanga. Anangoyang'ana pawindo nthawi yaitali, kumene nyanja ndi thambo zimasakanikirana osadziwa polekezera pake. Kenako anandifunsa ngati Lachisanu ndili pa ntchito.

Lachisanu m'mawa kuno kumakhala zii, ndi tsiku lawo lopemphera, ndipo ku jimu sikubwera munthu mpaka masana. Nditafika ndinapeza Esinati ali kale komweko, atavula nsapato. A Sensei anali atamuitana. Nditazindikira chimene akufuna ndinayamba kukana, kunamizira magalasi osapukuta. Esinati anandilanda ndowa. "Iwe Elube, khalasi, zakwana! Kuchokera last year wakhala uku-pretenda ati uli che bwino. Ma-mirror sathawa. Yalla, tiye, kwela apa."

Ndinakwera m'bwalo la zingwe la ophunzira awo, la mu jimu momwemo. Koma chitenje panalibe, tonse tinali mu yunifolomu, ndipo Esinati anadziguguda pachifuwa kuti waiwala. A Sensei anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa lamba wawo wa karate, amene kale anali wakuda koma tsopano anatuwa n'kuthetheka m'mbali. Akuti anamulandira ali mnyamata, ndipo ndewu zonse zija ankayenda naye m'chikwama. Anamugwira ndi manja awiri n'kumupereka kwa Esinati, osati kudzandimanga okha, ulemu amaudziwa. Esinati anandizunguliza, n'kuzungulizanso, poti ndi lamba wa chimunthu chachikulu, kenako anakoka. Amayi, anakoka ngati inu. Mpweya unanditulukira m'kamwa.

A Sensei anandifunsa dzina lanu. Ndinati Enelesi. Lilime linawakana kangapo mpaka analikhoza. Anapita pakona pamene pali kabelu kamkuwa kamene amaimbira ophunzira awo, anaima njo, anatchula dzina lanu mokweza monga amatchulira ankhonya otchuka, n'kumenya.

Phokoso lake silithera pomwepo. Limayenda, kuzungulira chipinda chonse, kukagunda magalasi, kumachepa, kumachepa, ndipo iwo ankadikira kuti lifere kaye asanamenyenso. M'kati mwa kudikirako ndinayamba kumva chitsulo chija chopachika pa mtengo kutchalitchi kwathu, chimene amamenya kukagwa zovuta. Ndinaona njira ya kumanda, amayi a kumpingo atavala zoyera, fumbi lofiira pa mapazi awo. Sindikudziwa kuti belu linali lachingati pamene chinthu chouma chija chinamasuka. Ndinangomva mawu a munthu akukuwa kuti, "Mayi wanga ine! Mayi wanga ine!" ndipo mawuwo anali anga. Esinati anandigwira kumbuyo pa mfundo ya lamba, nayenso n'kuyamba kulira abale ake a ku Chipata amene sanawaike. Ndinalira maliro onse, kuyambira kusiwa mpaka kumanda, pamwamba pa hotela ya eni ake. Ndipo sindinaduke pakati. Nditatukula maso, a Sensei anali ataweramabe, misozi ikudontha kuchokera pa mphuno yophwathalala ija kugwera pa mphasa.

Pobweza lamba ndinapempha kuti Esinati akamuchape kaye, poti ndinali nditamunyowetsa. Anakana. Akuti lamba wotere sachapa. "Thukuta langa lili momwemo," anatero, "misozi ya amayi anu ikhalenso momwemo."

Titaweruka tinakwera basi ya kampani yobwerera kogona ku Old Airport. Ndinatsamira windo, thupi lonse lili lefu ngati ndachokera kolima. Dzuwa linali lalikulu, lofiira, losathobwa m'maso chifukwa cha fumbi. Tulo tinandiba tisanadutse n'komwe ku Al Asmakh. Ndipo munali pomwepo, amayi. Munakhala m'mphepete mwa bwalo la zingwe lija, miyendo mutatambasula, lichero lili pamiyendo, mukusenda mtedza wa a Yohane n'kumataya makoko pa mphasa yanga yokolopakolopa. Munavala duku lanu labuluu. Munayamba ndi kudandaula kuti anthu akuno amaziziritsa m'nyumba ngati mwezi wa Juni. Kenako munandiyang'ana, chipumi chija chitakwinyika.

"Wapitanso kuti, Elube?"

Ndinati, "Ndili ku Doha, amayi."

Munati, "Ndaona, kutalika kwake! Ndakhala ndikuzungulira m'zinyumba zofanana zokhazokhazi, kugogoda zitseko za eni ake. Iwe uli chete, ndikanakupeza bwanji? Lero ndiye ndakumva."

Ndinafuna kukufotokozerani za chikalata chija, za ndege, za zonse. Munangondipatsa mtedza wodzaza dzanja n'kunena kuti ndiwongole msana. Esinati anandidzutsa basi itaima, dzanja langa lili chifumbatire.

Ndiye dandaulo lija ndalichotsa, amayi. Simunakwiye, munasochera chabe. Tsopano njira mwaidziwa, muzibwera, ngakhale kudzangondikalipira. A Sensei akupereka moni. Ndinawauza kuti munafika, ndipo anawerama kuyang'ana pamene munakhala paja.

Tchuthi changa chikakwana ndibwera ku Mchinji, tidzamange chiliza chanu, ndidzamunyamulenso Enelesi wamng'onoyo ndione chipumicho ndi maso anga. Denga la khitchini ndidzaliimirira ndekha. Koma lonjezo lalikulu ndi ili. Chitenje chija munandipatsa ponyamuka ndachitulutsa pansi pa sutikesi, ndipo tsopano chimayenda nane m'chikwama tsiku lililonse, ngakhale pa ntchito. Kuno tilipo ambiri oikira makolo pa foni. Wina uthenga ukamupeza, ndizikhala woyamba kufika, ndipo ndizikoka ngati inu.

Ndimakukondani, amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu,
Elube