Mzere wachitatu

Lachinayi, 9 Ogasiti. Mwera tsiku lonse, mtima nawo wosakhazikika.

Wongani ndiye anayamba. Lolemba anandiseka pamaso pa makasitomala, ati mtsikana mitundu amaidziwira pa zitenje basi. Chonsecho iyeyo maso ake sasiyanitsa chofiira ndi chabulauni. Chiyambireni kuphunzira kukonza mawailesi kwa Ada Longwe, ndine ndimamuwerengera monong'ona mizere yamitundu yosonyeza mphamvu ya marezisita, tizipangizo ta m'wailesi.

Lero amakonza ampulifaya ya kutchalitchi, ndiye anandionetsa rezisita. "Tiwonge, mzere wachitatuwu ngwotani?"

Ndinauona bwinobwino. Unali wabulauni, kutanthauza mphamvu ya maomu handiredi okha, pomwe pamafunika wofiira, wani sauzande. Ine ndinati, "Wofiira. Ukakayika kafunse chitenje."

Atayatsa, utsi unangoti fooo. Ada Longwe anamulanda chowotchera n'kumuuza kuti asabwerenso mpaka atadziwa kuwerenga mizere. Ndimadikira kuti Wongani anditchule. Sananditchule. Anangotola chikwama chake, n'kuti "Yewo, ada," n'kulowera msewu wa ku Kande.

Bola akananditukwana. Mawa ndikawauza Ada Longwe kuti wabodza ndine, ngakhale andithamangitse. Za zitenje zija sindinamukhululukire, koma sindidzazitchulanso.