Chaka Chomwe Ndinasiya Kuyenda Maliro

Lolemba, 2 Seputembala

Kuchipatala ku boma lero. Bipi yatsikako. Dokotala wachinyamata uja akuti ndipitirize zomwe ndikuchita. Mawu ake ndi omwe aja: "Bambo, mankhwala paokha sangathe. Chepetsani mchere, chepetsani maganizo."

Mchere ndinasiya. Maganizo ndikuwasadza limodzilimodzi ngati nthambi.

Zomwe ndataya chipumireni pantchito ku Lilongwe n'kudzakhala kuno kwawo kwa mkazi wanga Esnath, kuseri kwa Nsipe: galimoto, kanema, magulu onse a pafoni, feteleza wa m'sitolo. Zotsala: dimba, nkhuku, kasola padenga, dzenje la manyowa. Munthu safuna zambiri. Anzanga a muofesi akugwa ndi sitiroko mataye ali m'khosi, ine ndikudya chisoso chothyola ndekha. Wopusa ndani?

Chimodzi chokha chikukanika kusadzika. Tisungane, mwana wathu yekhayo. Anabwera kuchokera ku Blantyre mu Julayi ndi khansa, madokotala atamuuza kuti akapumire kunyumba. Tanthauzo lake tonse tikulidziwa. Sindilemba zambiri. Kulemba n'kuganizanso.

Lachinayi, 5 Seputembala

Masamba pamsewu m'mawa uno. Maliro kwa a Nzunga, mkulu wa ngolo uja. Mudzi uno anthu akufa ngati akupikisana.

Sindinapite. Maliro ndinasiya nthawi yokolola. Ndinaona kuti ndikabwerako mutu umagunda mpaka mawa lake. Kukhala padzuwa, kumvera mbiri ya malemu yodzaza mabodza, alaliki kulandirana aliyense kufuna kuposa mnzake. Mwini wake akumva? Ayi. Ndiye ndidziphe chifukwa cha munthu wakufa kale?

Esnath ndinamuletsanso. Akapita amagona pasiwa, n'kubwera ndi chimfine ndi nkhani: wakuti watupa miyendo, wakuti walodzedwa. Zonsezo amadzazikhuthulira m'mutu mwanga. Lero anafuna kuzemba ndi mbale ya ufa ndi mtolo wa nkhuni, zomwe khomo lililonse limapereka pa zovuta. Ndinamubweza pageti. Ufawo ndinauyeza kuti utifikitse kokolola, osati kudyetsa mudzi.

Esnath anati, "Bambo a Tisu, maliro n'kulirana. Mwanayu mukumuona mmene alili. Tsiku lakelo adzamukumbira ndani?"

Ndinamuuza kuti amenewo ndiye maganizo omwe adokotala analetsa. Nkhunizo ndinakaziika kukhitchini.

Lamlungu, 15 Seputembala

Alamu anga a Paison, achimwene ake a Esnath, anafika potuluka ku tchalitchi. Eni mbumba. Jekete ndi lomwe lija la pa ukwati wathu, mabatani okha ndiwo asintha.

Akuti abwera ndi mawu a a Yoramu, mkulu wa adzukulu okumba manda. Mawuwo: khomo lino chaka chino khasu lake sanalione kumanda, ufa wake sanauone pasiwa. Alamu anawonjezera zawo: "Paja akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Muli pa nthaka ya eni, alamu."

Mwendo wanga wakulawo ndi umene unamanga nyumba ya njerwa zootcha pa nthaka ya eniyo. Sindinanene. Kukangana kumakweza magazi. Ndinangowapatsa tiyi wa mandimu wopanda shuga. Mlendo wa tiyi wotere sachedwa, ndinaziyesa kale.

Atapita ndinakhala pansi pa mango. Kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuusunga, kuutulutsa. Mtima zii. A Yoramu ndi ndani? Munthu wowotcha makala, nsapato zake za matayala. Tsiku likadzafika ndidzagula mbuzi, adzakumba akuimba.

Tomato wayamba maluwa. Manyowa akugwira ntchito kuposa feteleza.

Loweruka, 28 Seputembala

Sabata ino zinthu ziwiri.

Choyamba, Tisungane ndamusamutsira ku kachipinda ka kuseri, komwe timasunga mbewu ya kachewere. Kubuula kwake kunkadutsa khoma. Munthu wa bipi amafunika tulo. Esnath anatukula matiresi yekha. Mwanayo anati, "Musadandaule adadi, kuno kukupita kamphepo." Mwaona? Mwini wake wakonda. Ndagona bwino chiyambire Lachiwiri.

Chachiwiri, Zione wataya mwana. Malungo. Zione ndi mwana wa a Yoramu, mnzake wa Tisungane kuyambira ku pulayimale. Nyumba yake n'kuiona uli pakhonde pathu. Tisungane analira, kupempha kuti amayi ake okha apite m'malo mwake. Ndinakana. Lamulo ukalipinda kamodzi lathyoka. Mawa adzati wina, mkuja wina.

Anadutsa nako kabokosiko m'mbali mwa mpanda wathu ine ndikuthirira tomato. Bambo mmodzi anakanyamula yekha m'manja. Ndinavula chipewa, ulemu ndinapereka. Kheni sindinaiike pansi, madzi akanatayika. A Yoramu anali pambuyo penipeni. Anaima pang'ono, kuyang'ana ine, kuyang'ana tomato, n'kupitirira.

Nkhuku yoyera yaswa. Anapiye onse amoyo.

Lachitatu, 9 Okutobala

Dzulo ku Lizulu kukaona mbewu ya nyemba. Tsiku labwino, mphepo ya m'phiri, palibe wondidziwa. Ndinadya chimanga chootcha ngati mwana wasukulu.

Lero zoipa. Tisungane wasiya phala. Anatuma amayi ake kuti ndikakhale naye pang'ono. Ndinapita. Fungo la m'kachipindamo. Kachewere wamera m'matumba, iye ali pakati pake, mafupa okhaokha. Anati, "Adadi, mudzandiike pafupi ndi agogo. Ndipo musadzakangane ndi anthu, mwamva?"

Ndinati asamayankhule zotero, mawu amalenga. Anagwira chala changa. Mmene ankachitira tikamawoloka msewu ku Lilongwe, ali ndi yunifolomu yofika m'mapazi. Mwana wanga. Mwana wanga, Mulungu!

Ndinatuluka. Ndinakatembenuza manyowa mpaka thukuta kuti chonchobe, mpaka m'mutu munayera. Zimathandiza. Ntchito ya manja ndi mankhwala.

Zione akumabwera masana ine ndikakhala kudimba. Amadzera kuseri. Akuganiza kuti sindikudziwa. Moni sandipatsa. Zili bwino, moni n'chiyambi cha nkhani.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Tisungane watisiya m'mawa uno dzuwa litangotuluka. Ndinali kudimba. Esnath sanakuwe. Anabwera mpaka pamzere wa kabichi n'kunena kuti, "Bwerani mudzatseke maso a mwana wanu."

Masamba pageti pathu.

Bokosi ndagula ku boma, labwino, la zogwirira zonyezimira. Mbuzi ndagula. Anthu abwera, koma kabweredwe kake! Amayi akhala phee m'mbali mwa mpanda, manja pamiyendo. Wobwera ndi nkhuni palibe, wa ufa palibe. Akulira ndi Esnath ndi Zione basi. Azibambo akundipatsa dzanja akuyang'ana kumbali.

Mapiritsi ndamwa. Alamu akuti mawa ndidzuke msanga, ndivale nsapato zolimba. Sindinawafunse chifukwa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Zala zikukanika kugwira cholembera. Ndilemba choncho.

Dzulo m'mamawa alamu ananditenga kupita kumanda. Adzukulu onse analipo, makasu, mapiki, mafosholo, zonse. Atakhala pansi pamthunzi. Malo anali atalemba kale, pafupi ndi apongozi anga, monga mwana anapempha.

A Yoramu sanakweze mawu. "Bwana, malo ndi awa. Piki ndi iyi. Ife lero tikupumitsa maganizo."

Ndinatchula mbuzi. Anati mbuzi sikumba. Ndinatulutsa chikwama. Anati ndibweze m'thumba ndisanawatukwane kawiri. Ndinayang'ana alamu. Alamu ankayang'ana nyerere.

Ndinakumba. Nthaka ya Okutobala, kuno kumtunda. Piki ikamenya imabwerera, mano kuchita kugwedezeka. Ine ndimadzitama ndi dimba, koma dimba ndi dothi lonyowa. Apa miyala yokhayokha. Matuza anatuluka, anaphulika, mpini unayamba kuterera ndi magazi. Dzuwa lili pamutu, dzenje lili m'mawondo. Kunyumba mwana ali m'bokosi m'chipinda cha malata, kutentha konseku. Ndinkadziwa chimene kutentha kukumuchita. Onse ankadziwa.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Wina ankasenda nzimbe.

Ndinawapempha. Ine, ndinagwada m'dzenjemo. Ndinati mwanayu sanalakwe, wolakwa ndine. A Yoramu anati, "Mdzukulu wanga uja analakwa chiyani? Kumbani, bwana. Tomato mumatha."

M'maso munada. Ndinakhala pansi m'dzenje momwemo, khosi likugunda ngati ng'oma.

Kenako phokoso la masamba ouma. Esnath. Mkazi safika kumanda maliro asananyamuke, aliyense amadziwa. Anachoka pasiwa yekha, wopanda nsapato, duku lakuda kumutu. Anamanga chitenje m'chiuno ngati akupita kumunda. Anatsikira m'dzenje, n'kundilanda piki. Sanandiyang'ane. Anati ndisunthe.

Anayamba kukumba manda a mwana wake.

Osalira. Piki m'mwamba, piki pansi, kupuma kokha kumveka. Chiyambire dziko, mudzi uno sunaonepo zotere. Azibambo anazizidwa. Wa nzimbe uja anaitaya. Koma onse anamusiya Esnath amenye ndithu, kangapo, kuti ine ndione bwino. Duku linagwa, imvi zili poyera.

Ndi pomwe a Yoramu anaimirira. "Mayi, tulukani. Sitinalimbane ndi inu." Iye anati, "Ndinam'bereka ndekha, ndimukumbira ndekha." Anachita kumunyamula alamu ndi anthu ena, akukanirira mpini. Ine ndinatuluka ndekha chokwawa. Palibe anandipatsa dzanja.

Anyamata analowamo. Ntchito yomwe inandikanika tsiku lonse anaimaliza ngati masewera.

Tinaika dzuwa likulowa. Abusa anadula ulaliki, nyimbo imodzi, bokosi silinatsegulidwe kuti anthu aone nkhope. Silikanatheka kutsegulidwa. Esnath sanamuonenso mwana wake.

Ndayesa zokoka mpweya. Zikukanika.

Loweruka, 26 Okutobala

Anthu ayamba kubwera. Ufa, nkhuni, nkhuku, ndiwo. Amayi a Mvano adzaza khonde, akuimba, akulira naye Esnath ngati maliro achitika lero. Akumusisita manja ndi mafuta. Zonse ndi za iye. Ine akundilambalala ngati chitsa.

A Yoramu anatumiza thumba la makala. Anauza wonyamula kuti anene momveka kuti ndi la mayi.

Ndinalowa m'kachipinda ka kuseri. Matiresi anachotsa. Pakhoma, pafupi ndi pomwe panali mutu wa Tisungane, laimu wachoka, pali mizere ya zikhadabo. Ankakanda khoma ululu ukafika, kuti asabuule. Kuti ine ndigone.

Tomato wapsa yense nthawi imodzi, akugwa yekha. Sindinathyole.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Pa siteji, Nsipe. Ndikulembera pabondo.

Dzulo kumeta maliro. Lero m'mawa pochokera kudimba ndinapeza sutikesi yanga pakhonde, chipewa pamwamba, khasu langa pambali. Alamu a Paison atakhala pampando wanga, jekete lomwe lija. Sanatalikitse. "Alamu, mbumba yanga yakana. Munabwera ndi sutikesi, nyumba ndi ya pa nthaka. Muyende bwino."

Ndinati ndiyankhule ndi mkazi wanga. Zaka zonsezi, munthu sangangochoka ngati waganyu. Esnath anatuluka, mutu wometa, manja omanga nsanza. Ndinadikira kuti atukwane. Ndinkafuna atukwane. Anati, "Mankhwala anu ali m'thumba la kutsogolo. Musamamwe musanadye." N'kulowa, n'kutseka chitseko.

Njira yonse mpaka kumsewu anthu anali m'makomo mwawo. Palibe anafunsa komwe ndikupita.

Kwathu ndi ku Kasinje. Kukwera ya ku boma, kenako ina yotsikira kuchigwa. Koma achimwene anga anamwalira kumeneko mu Juni. Ndinatumiza uthenga wa pafoni, wa mizere iwiri. Kumenekonso kuli adzukulu. Kumenekonso anthu ali ndi maso.

Mutu ukugunda kumanzere, dzanja lachita dzanzi. Mwina n'chifukwa cha piki ija. Mwina ayi. Ndikagwa pano, pakati pa amayi ogulitsa tomatowa, adzanditengera kuti? Mudzi uti udzaike masamba pamsewu?

Kondakitala wandigwira sutikesi. "Madala, ku boma kapena Lilongwe?" Ndamuuza adikire kaye ndiganize. Waseka, waiponya pansi, minibasi yapita.

Ina ikubwera. Cholembera chikundipulumuka m'dzanja. Sindikudziwa ngati ndi