Zikuto Zanu, Masamba Anga

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu. Kodi msana uja unasiya kuvuta? Kuno tonse tili bwino. Mayi akunyumba kuno akupereka moni, ndipo mwana wanu Kanyerere watalika moti chaka chino tamasula kawiri mpendero wa siketi yake ya sukulu.

Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene mwanayu sakuyankhira foni yanu milungu itatu tsopano. Ndinakuuzani kuti ndi mayeso. Linali bodza. Woyambitsa zonsezi ndine, ndipo ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe, monga mwakhala mukuchitira kuyambira tili ana.

Chichokereni inu kukagwira ntchito kutaliko, Khirisimasi iliyonse mumatumiza phukusi la mabuku a nkhani zachikhristu. Munandilamulanso kuti m'nyumba mwanga musalowe mabuku a nkhani zopeka, amene inu mumati ndi achabechabe. Chaka choyamba chija mwanayu anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kuwerenga kunkamuvuta kwambiri. Mabuku anu anangoona zithunzi n'kuwasanja pawindo ngati zokongoletsera. Aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza kuti zikapitirira choncho abwereza kalasi.

Ntchito yanga mukuidziwa. Tsiku lonse ndimakhala m'kachipinda kakuseri kwa laibulale, ine ndi singano, ulusi ndi guluu, kuchiritsa mabuku othyoka msana. Tsiku lina anandibweretsera mulu wa mabuku oti atayidwe chifukwa zikuto zinatheratu. Limodzi linali la mtsikana amene anabisala m'sitima yapanyanja n'kukathera pachilumba cha achifwamba. Ndinaliyamba nthawi yopuma, ndipo pomwe ndinkadzutsa mutu tiyi anali atazizira kalekale.

Ndiye wina anandinong'oneza, kaya ndi mngelo kaya ndi satana, mpaka lero sindikudziwa. Ndinatenga buku lanu lija la chithunzi cha mbusa atanyamula kamwana ka nkhosa, ndinachotsa masamba ake bwinobwino ndi mpeni, n'kusokeramo a mtsikana wa m'sitima. Ndinkafuna kuti mukaimba foni ya vidiyo muzimuona atagwira buku lanu, komanso kuti iye azidziwa kuti chokomacho chachokera kwa mayi ake. Ndinamuuza kuti mwanena kuti aliyesenso.

Achemwali, mwana anawerenga! Poyamba ankalondola ndi chala uku akung'ung'udza, kenako tinafika pochita kumulanda buku kuti adye. Chaka chimenecho anakhoza. Ine poona kuti zayenda ndinapitiriza zaka zinayi. Phukusi lanu likafika linkayamba lagona kuntchito kwanga, ndipo pa mabuku atatu alionse, limodzi ndinkalichita opaleshoni. Masamba anu sindinataye ngakhale limodzi, ndinkawasunga m'dirowa.

Koma tsiku la fote linandikwanira. Ku Sande sukulu anauza ana kuti aliyense abwere ndi buku lachikhristu loti awerengere anzake pokonzekera Khirisimasi. Iye anatenga la mbusa lija, chifukwa ndi limene amalikonda kuposa onse. Anaimirira kutsogolo n'kuyamba kuwerenga mokweza za achifwamba akukwirira bokosi la golide mumchenga. Ana onse anafa nalo phwete. Mnzake wina anali ndi buku la chikuto chomwecho, ndipo atalitsegula m'kati munali nkhani ina.

Lolemba ataweruka kusukulu anabwera kuntchito kwanga. Anaika bukulo patebulo, analitsegula pakati penipeni, n'kuloza ulusi ndi chikhadabo. Mwanayu wakhala pambali panga kambirimbiri akundigwirira ulusi. Akudziwa kuti ine ndimamanga mfundo ziwiri pabowo lapakati, zimene makina sachita. Zonse ndinabisa, koma kasokedwe kanga ndinaiwala kukabisa.

Ndinavomera pomwepo. Ndinkayembekezera kuti andikalipira kapena alira, koma ayi. Anangondifunsa kuti nanga bwanji tsiku lija ankakufotokozerani pafoni za sitima ikumira, inu munamuyankha kuti nanunso pamenepo ndi pamene panakusangalatsani kwambiri.

Zaka zinayi mwana wakhala akukuuzani za mapanga, zilumba ndi ngamila, inu n'kumangoti eya, eya, Mulungu ndi wabwino, osadabwa n'komwe. Mabuku amene mumatumizawa simuwatsegula, achemwali.

Sikuti ndikukuweruzani. Ndikudziwa kuti mumatuluka m'bandakucha, mumasamalira okalamba a eni ake mpaka miyendo kutupa, zonsezo kuti iyeyu aphunzire. Koma iye ankanyadira kwa anzake kuti amayi ake, ngakhale ali kutali, amadziwa chimene mtima wake umakonda. Chimenecho ndi chimene chasweka, ndipo zikundipweteka chifukwa nyundo yake ndinapereka ndine.

Zimene ndachita ndi izi. Masamba anu onse ndawabwezera m'zikuto zake, iye akuona, ulusi atagwira yekha. A nkhani za maulendo aja ndawapangira zikuto za katoni. Mwina mudabwa, koma la mbusa lenilenilo waliwerenga lonse popanda womutuma. Akuti si loipa ayi, kungoti nkhosayo inapezeka msanga.

Tsono mundimvere, ngakhale ndine wamng'ono kwa inu. Mabuku a maulendo oopsawa sindiwachotsa m'nyumba muno, kaya mukwiya, kaya mundinenera kwa abusa. Ndi amene anamutsegula maso, ndipo maso omwewo ndi amene akuwerengera mawu a Mulungu lero. Chinanso, sindidzanamanso m'malo mwanu. Akandifunsa chinthu chokhudza inu ndizimuuza zoona, kapena ndizimuuza kuti akufunseni nokha.

Khirisimasi ino musatumize mulu. Awiri okha akwana, limodzi la nkhani za Mulungu, linalo la maulendo, osankha inuyo ndi manja anu. Musangouza wogulitsa kuti akuikireni alionse a mwana wa zaka khumi ndi chimodzi. Imani pashelefupo, tsegulani, ndipo mukagula muwawerenge kaye, ngakhale ndi m'basi popita kuntchito. Akafika kuno ali opindika m'makona, ali ndi dontho la tiyi, ndiye bwino kwambiri. Ndidzawapereka kwa iye monga afikira, mpeni wanga sudzawayandikira.

M'phukusi momwe muli kalatayi mupezamo buku la chikuto cha katoni. Ndi lija la mtsikana wa m'sitima. Waikamo yekha Kanyerere, ine sindinamutume. Akuti tsiku la Khirisimasi mukaimba adzayankha, ndipo adzakufunsani funso limodzi lokha, loti mtsikanayo anatuluka bwanji m'phanga madzi atayamba kudzaza.

Musavutike n'kundiimbira kuti ndikunong'onezeni. Yankho ndikulidziwa, koma sindikuuzani, ndipo mayi akunyumba kuno ndawaletsa kale. Kwatsala milungu isanu, bukulo si lalikulu, ndipo mwana wanu akuwerengera masiku pakalendala ya kukhitchini.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti asakusokonezeni mukagwira buku. Mulungu akupatseni mphamvu pa ntchito yanu yolemetsayo, ateteze msana wanuwo, ndipo atikhululukire tonse awiri.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
womata mabuku