Tsiku Limene Unanditulutsa M'kalasi

Wokondedwa mwana wanga Kachete,

Kaya uli bwanji kumeneko, pamodzi ndi apongozi anga ndi ana? Ine ndilipo, bondo lokha ndilo lavuta. Akundilembera ndi atelala oyandikana nafe aja. Ndawauza asakometse mawu.

Ndinabereka atatu, ndipo palibe wandichititsa manyazi. Mlongo wako Wamawaya amayatsa magetsi m'nyumba za anthu. Mkulu wako Nesi walandira makanda osawerengeka. Iwe wotsiriza ndiwe mphunzitsi, ndipo akukukonzekeretsa kukhala wachiwiri kwa ahedi. Ana a ine amene ndimasaina ndi chala!

Tsono za tsiku lija nditabwera kudzacheza. Unandiuza kuti okuphunzitsani utsogoleri akubwera kudzaona mmene uyendetsere msonkhano wa makolo, ndiye ine nditsale kunyumba. Sindinamve. Ndinavala diresi labwino lija n'kukadzipanikiza pa desiki ya kumbuyo, mawondo ali kukhosi.

Bambo wa chipewa uja, mmodzi wa makolowo, atayamba kukuloza chala, n'kumati ndiwe kamtsikana kosadziwa kanthu, iwe unangoti phee. Ine ndinaona Kachete wanga uja amene anzake ankamulanda pensulo. Ndinadzambatuka n'kumuuza kuti chipewacho chavindikira mphika wopanda kanthu. Anthu anafa nacho chiseko, msonkhano n'kusokonekera.

Iwe unanena mofatsa kuti mayi akumbuyoko sanakweze dzanja, komanso alibe mwana m'kalasi muno, ndiye atuluke. Ndili pakhomo ndinayankha kuti inde, ndilibedi mwana muno.

Mawu amenewo akundidya, mwanawe.

Mkulu wako wandifotokozera kuti kumaphunziroko amakuuzani kuti wokwiya muzimusiya athe mpweya, kenako muzimuyankha. Kuti phee uja sanali mantha, inali ntchito. Ine ndinakulanda ntchitoyo alendo akuona. Chimene anakulembera sindikudziwa, ndipo iwe sunaimbe foni. Udindowo ukakuphonya chifukwa cha pakamwa panga, ndidzayang'ana kuti?

Ngati kungathandize, undiuze ndibwere ndikapepese kwa ahedi, ngakhale kwa wachipewayo. Ngati kungaononge, ndikhala pansi.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa onse a m'nyumbamo.

Abale ako akubwera kuno Loweruka, pa 14 Disembala, tidzakambirane za denga likudonthali. Ubwere. Zokambiranazo udzayendetsa ndiwe, ndipo ine ndidzayamba ndakweza dzanja.

Ndine mayi ako.