Juzi Yopanda Khosi

Wokondedwa mlongo wanga Wonder,

Kaya uli bwanji kumigodi ya ku Shurugwi? Chifuwa chija chinasiya? Ife kuno kupulazi tilipo, kungoti chisanu cha ku Norton chaka chino chatiluma zedi. Foni yakoyo ndi yokongoletsa thumba basi, tikaimba sukupezeka. Ndiye kalatayi ndapatsira Harvey wa kombi, minibasi yobwera kumeneko ija.

Nkhani ndi ya amayi. Maso awo anachita ng'ala monga ukudziwa, koma makina olukira aja sanawasiye. Amakhala pakhonde, kupapasa masingano ndi zala, n'kumakoka chogwirira uku ndi uku mpaka dzuwa kupendeka. Majuzi a sukulu a ana a mukomboni muno amaluka ndi iwobe. Ine yanga ndi kulumikiza zidutswa: kumbuyo, kutsogolo ndi mikono.

Mu Epulo anayamba kuluka zimene palibe anawatuma. Analuka juzi ya munthu wamkulu, koma mkono umodzi wokha. Nditawakumbutsa winawo, anati yatha choncho, ndi ya Samson wa kuchigayo. Ndinaseka, n'kuti ukalamba wafika. Pasanapite nthawi lamba wa chigayo anamudula Samson mkono. Lero akuvala juzi yomweyo, ndipo ikumukwana ngati anachita kumuyeza. Anthu tsopano akulambalala nyumba yathu.

Wonder, panopa akuluka yako, ndi ulusi wobiriwira uja unawatumizira pa Khirisimasi. Mapewawo ndi ako, sindingasokoneze, ndinakubereka kumsana ine. Koma atafika poti apumitse masingano apakati kuti pakhale khosi, sanatero. Analuka mpaka pamwamba n'kutseka. Juziyo ilibe potulukira mutu.

Ndinaimasula yonse iwo akusamba, ulusi n'kuubisa pansi pa thumba la chimanga. Pobwera kumjigo ndinawapeza pakhonde atayambiranso. Munthu wosaona, anaupeza yekha. Ndinawakalipira mpaka ana kulira. Iwo anangoti alibe mlandu, amangotsata komwe masingano akufuna.

Abusa anabwera kudzapemphera. Amayi anaimba nawo nyimbo bwinobwino, koma dzanja silinachoke pamakina.

Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Ndikudziwa kuti mutu wako ndi wouma, unena kuti ndi nkhambakamwa za azimayi. Nena, koma unene uli kunja. Tuluka m'dzenjemo tsiku lomwe walandira kalatayi, usabwereremo ngakhale kukatenga fosholo. Golide sawola. Kuno kushedi akufuna anthu osankha fodya, sufa ndi njala.

Dzulo anandipempha kuti ndilumikize zidutswazo, ndinakana. Lero m'mawa ndawapeza akusoka okha, atsala ndi mikono. Pofuna kuwayesa ndinawafunsa ngati ndiitumize ndi Harvey ikatha. Anati ndisavutike, udzavalira konkuno, anzako akubweretsa.

Mulungu wa makolo athu akutchinjirize pansi apo. Ana akupereka moni kwa amalume awo. Undiperekere moni kwa a Clever ndi onse amene umakumba nawo, koma uwauze kuti asavutike kukuperekeza. Ndikufuna ufike pakhomo pano ndi miyendo yako.

Ndine mlongo wako,
Audrey